Kodi n'chilungamo kuyesera mankhwala atsopano pa munthu amene wadwalitsa?

Pa phunziro lino tilingalire funso limene madokotala, odwala ndi achibale awo amakumana nalo m'zipatala zikuluzikulu za dziko lonse, kuphatikizapo za kuno kwathu. Pali mankhwala a khansa amene akadali atsopano. Akatswiri awayesa m'nyumba zopimira zinthu ndi pa nyama, ndipo aona zizindikiro zoti mwina angathandize. Koma palibe amene angadziwe mmene adzagwirire ntchito m'thupi la munthu mpaka munthu wina atalola kuwalandira. Kawirikawiri oyamba kupemphedwa ndi odwala amene khansa yawo yafalikira ndipo mankhwala odziwika alephera. Munthu wotere ali ndi mantha, watopa, ndipo akufunitsitsa kumva mawu alionse opatsa chiyembekezo. Kodi n'koyenera kumupempha kuti alowe m'kafukufuku amene mwina sadzamuchiza iyeyo? Nanga ife achibale ndi anansi, akatifunsa maganizo, tinene chiyani?

Nkhaniyi inadutsa m'mbali mwa nyanja yathu

Tingaganize kuti zimenezi ndi za ku Ulaya ndi ku America, koma mbiri ikutiuza zina. Mu 1958 dokotala wochokera ku Ireland, Denis Burkitt, amene ankagwira ntchito pa chipatala cha Mulago ku Kampala, analemba za chotupa chokula mofulumira m'nsagwada ndi m'mimba mwa ana. Mu 1961 iye ndi madokotala anzake awiri anayenda pa galimoto kwa milungu khumi, kuyendera zipatala za kum'mawa ndi kum'mwera kwa Africa, ndipo anadutsanso m'dziko lino, limene panthawiyo linkatchedwa Nyasaland. Anapeza kuti chotupacho chimachuluka m'madera otsika, otentha ndi achinyezi, monga m'mbali mwa nyanja ndi m'zigwa za mitsinje, pomwe kumapiri ozizira n'chosowa. Pambuyo pake zinadziwika kuti mapu a matendawa amafanana ndi mapu a malungo. Ife a ku Khombedza, Salima ndi Nkhotakota tikukhala m'dera lenilenilo.

Matendawa ndi mtundu umodzi wa lymphoma, khansa yoyambira m'maselo oteteza thupi, amene amapezeka ambiri mu mwanabere. Mu 1964, popima zotupa zotumizidwa ku London kuchokera ku Uganda, Anthony Epstein, Yvonne Barr ndi Bert Achong anatulukira kachilombo koyamba kodziwika kuti kamathandiza kuyambitsa khansa mwa anthu. Zinapezekanso kuti zotupa za anawa zimasungunuka ndi mankhwala monga cyclophosphamide, ndipo ena mwa iwo anachira kotheratu. Izi zinalimbitsa mtima madokotala a m'maiko onse kuti khansa ingachizike ndi mankhwala okha. Ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, Elizabeth Molyneux ndi anzake anatha zaka zambiri akufufuza njira yochizira ana a matendawa imene dziko losauka lingakwanitse. Choncho ana a kuno ku Africa ndi makolo awo anaperekapo kale gawo lalikulu pa nzeru zimene dziko lonse likugwiritsa ntchito lero.

Mankhwala olunjika ndi otani?

Mankhwala akale a khansa, amene timati chemotherapy, amapha maselo onse amene akuchulukana mofulumira. Tingawafanizire ndi katupe wothiridwa m'dziwe, amene amapha nsomba zazikulu ndi tiana tomwe. N'chifukwa chake wodwala amathothoka tsitsi, amatuluka zilonda m'kamwa, magazi amachepa ndipo chitetezo chimatsika. Mankhwala olunjika amafanana ndi mbedza yokhala ndi nyambo ya nsomba ya mtundu umodzi. Amapangidwa kuti agwire chizindikiro chapadera chimene chili pa selo la khansa kapena m'kati mwake.

Chitsanzo chimodzi ndi rituximab, amene anavomerezedwa ku United States mu 1997. Mankhwalawa amamatirira pa chizindikiro chotchedwa CD20, chimene chili pa maselo a B, omwe ma lymphoma ambiri amachokerako, ndipo chitetezo cha thupi chimabwera kudzawononga selo logwidwalo. Chitsanzo china ndi imatinib, wa khansa ina ya m'magazi, amene anavomerezedwa mu 2001. Poyesedwa koyamba, odwala 53 mwa 54 amene analandira mlingo wokwanira magazi awo anabwerera m'malo. Koma zoterezi sizichitika kawirikawiri. Mankhwala ambiri a khansa amene amayamba kuyesedwa pa anthu safika povomerezedwa, mwina chifukwa sathandiza, mwina chifukwa amavulaza. Ngakhale mbedza imakola zimene msodzi sanafune: rituximab amawononganso maselo a B abwinobwino, ndipo angadzutse kachilombo ka hepatitis B kamene kanali duu m'chiwindi.

Kuyesa kumachitika m'magawo. Gawo loyamba limatenga anthu ochepa, ndipo cholinga chake chachikulu n'kupeza mlingo umene thupi lingapirire. Oyamba amalandira pang'ono, otsatira amawonjezeredwa, mpaka zovuta zitayamba kuoneka. Gawo lachiwiri limaona ngati zotupa zikuchepa. Gawo lachitatu limayerekeza mankhwala atsopano ndi akale pa anthu ambiri, amene amagawidwa mwamaere. Tisunge mfundo iyi: pa gawo loyamba, odwala ambiri saona chotupa chawo chikuchepa. Phindu lalikulu la kulola kwawo limapita kwa amene adzadwale m'tsogolo.

Zimene zinachitika ku Lilongwe

Kuyambira mu 2016 mpaka 2019, pa chipatala cha Kamuzu Central, madokotala a UNC Project-Malawi anachita kafukufuku wa rituximab wophatikiza ndi chemotherapy pa odwala 37 a mtundu wina wa lymphoma wokula msanga. Ambiri mwa iwo analinso ndi HIV ndipo ankamwa ma ARV. Zotsatira zinasindikizidwa mu 2021 m'magazini ya The Lancet Global Health. Zinaonetsa kuti mankhwalawa angaperekedwe kuno kwathu, ndipo oposa theka la odwalawo anali moyo patatha zaka ziwiri. Zinaonetsanso kuti ambiri chitetezo chawo chinatsika kwambiri ali pa mankhwala, ndipo ena anamwalira chifukwa cha zovuta zobwera ndi chithandizocho. Popeza panalibe gulu lina loyerekeza nalo m'kafukufuku yemweyo, sizikanatheka kunena motsimikiza kuti rituximab yekha anapulumutsa anthu angati.

Wina angafunse kuti ankayeseranji mankhwala amene anali atagwira kale ntchito kwina kwa zaka 19. Yankho lake n'lakuti chimene chayenda bwino ku chipatala chokhala ndi magazi okwanira, mankhwala amphamvu opha tizilombo ndi zipinda za odwala mwakayakaya, sichingangoganiziridwa kuti chiyendanso chimodzimodzi kumene kuli malungo, chifuwa chachikulu ndi HIV, kumenenso wodwala akatentha thupi usiku ali kutali ndi dokotala. Zaka 19 zimenezi zikutiuzanso kanthu kena. M'nthawi yonseyo odwala a m'maiko olemera ankalandira mankhwalawa pomwe athu ambiri sankawadziwa n'komwe. Kuyesedwa mopanda ulemu n'kulakwiridwa. Kuiwalidwa ndi ofufuza n'kulakwiridwanso.

Chifukwa chake anthu amaopa

Mantha a anthu pa nkhani ya kafukufuku ali ndi gwero. Pambuyo pa nkhanza zimene madokotala a chipani cha Nazi anachitira akaidi, oweruza a ku Nuremberg analemba mu 1947 mfundo zoti munthu asayesedwe popanda kulola mwa ufulu wake. Mu 1964 bungwe la madokotala la dziko lonse linagwirizana mfundo zina ku Helsinki. Komabe ku Tuskegee, ku United States, kuyambira 1932 mpaka 1972, amuna akuda mazana ambiri odwala chindoko ankangoyang'aniridwa osapatsidwa chithandizo, ngakhale penicillin atapezeka, kuti ofufuza aone mmene matendawo amawonongera thupi. Ku Kano, ku Nigeria, mu 1996, mankhwala otchedwa Trovan anayesedwa m'kafukufuku wa ana pafupifupi 200 pa nthawi ya mliri wa matenda oumitsa khosi. Makolo anadandaula kuti sanauzidwe bwino zimene zinkachitika, kampani inakana kulakwa, ndipo milandu inatenga zaka zambiri.

Kuno ku Malawi tikukumbukira mphekesera za anamapopa za mu 2017 ku Mulanje, Phalombe ndi maboma oyandikana nawo, pamene anthu osalakwa anaphedwa. Pamene anthu sakuuzidwa chifukwa chotengera magazi ndi kumene akupita, mphekesera zimamera ngati udzu wa pachulu. Lero kafukufuku wa zaumoyo m'dziko lino amayenera kuvomerezedwa kaye ndi makomiti oona za ufulu wa otenga nawo mbali, monga National Health Sciences Research Committee, ndipo wa mankhwala amayang'aniridwanso ndi Pharmacy and Medicines Regulatory Authority. Malamulowa ndi ofunika kwambiri. Koma komiti sikhala nawo pambali pa bedi pamene dokotala akuyankhula ndi wodwala. Pamenepo pamatsala chikumbumtima cha anthu amene ali m'chipindamo.

Choyamba, choonadi

Tikuona kuti kupempha koteroko kungakhale koyenera, koma pokhapokha zinthu zitatu zitakwanira. Choyamba ndi choonadi. Munthu wodwala akaona dokotala atanyamula diripi, mtima wake umati akundichiza. N'zachibadwa. Koma ntchito ya wofufuza ndi yosiyana ndi ya dokotala wanthawi zonse. Dokotala amafunsa kuti munthu uyu chingamuthandize n'chiyani, pomwe wofufuza amafunsa kuti mankhwala awa tiphunzirapo chiyani. Nthawi zambiri munthu mmodzi yemweyo amagwira ntchito ziwirizi, ndipo wodwala sangasiyanitse ngati sanauzidwe. M'chinenero chathu mawu oti mankhwala amatanthauza chinthu chochiza, choncho mawuwo pa okha angathe kulonjeza zimene wofufuza sanalonjeze.

Kunena zoona pano kukutanthauza kuyankhula momveka, m'chinenero cha wodwala, kuti mankhwalawa sitikudziwa ngati akuthandizeni, angakudwalitseni, ndipo cholinga chathu n'kuphunzira. Munthu angathe kusanena bodza lililonse, komabe n'kumusiya mnzake akukhulupirira zimene si zoona chifukwa kutero kukumupindulira. Kukhala chete kotereku n'chinyengo. Nafenso achibale timachita zofanana pamene tiuza dokotala kuti musawauze mayi za matenda awo, angataye mtima. Timachita mwachikondi, koma munthu amene sakudziwa kukula kwa matenda ake sangasankhe bwino mmene agwiritsire ntchito masiku amene ali nawo. Chiyembekezo chomangidwa pa kusadziwa chimagwa tsiku limene choonadi chatulukira, ndipo chimagwa pamodzi ndi chikhulupiriro chimene wodwala anali nacho mwa ife.

Chachiwiri, ufulu

Wodwala wa kuno amayambira pa chipatala cha Khombedza, n'kutumizidwa ku chipatala cha boma ku Salima, kenako ku Kamuzu Central, ulendo wa makilomita oposa 100. Pafunika ndalama ya minibasi ya anthu awiri, pakuti gadiyani sangatsale. Pafunika chakudya, ndipo munda kapena bwato zimakhala zopanda mwini. Mabanja amagulitsa mbuzi ndi mpunga wambewu. Tsono munthu wotere akauzidwa kuti mukalowa m'kafukufuku tidzakubwezerani ndalama ya ulendo, tidzakupimani pafupipafupi, ndipo namwino adzakuimbirani foni, kodi angakane? Zinthuzi si zoipa, ndipo kungakhale kulakwa kumusiya wotenga nawo mbali kuti adzilipirire. Koma umphawi umapangitsa kuti inde atuluke msanga kuposa ayi. Wofufuza wachilungamo amadziwa zimenezi, ndipo amanena mobwereza kuti mukakana, chithandizo chanu chanthawi zonse sichidzachepa, ndipo mukalola, mungathe kusiya tsiku lililonse.

Palinso ulemu wathu. Tinaleredwa kuti wamkulu akayankhula timati inde, ndipo dokotala timamuona ngati wamkulu. Munthu angathe kusaina fomu kapena kudinda chala pamaso pa mboni chifukwa choopa kuoneka wamwano. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Kufunsa dokotala si chipongwe, ndipo dokotala wabwino amakondwa akafunsidwa.

Nanga banja? Kwathu kuno matenda si a munthu mmodzi. Mwinimbumba, amalume, mwamuna kapena mkazi wa wodwala, onse amafuna kumvedwa, ndipo n'koyenera kuti amvedwe, chifukwa ndiwo adzasenze katundu wa maulendo ndi kudwazika. Kukambirana kwa mtima woyera, kumene aliyense amanena maganizo ake momasuka osaumirira kuti apambane, kumaunikira mbali zimene munthu mmodzi sangazione. Koma kukambirana kuli ndi malire ake. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Thupi limene lidzalandire mankhwala ndi la wodwala, ndipo mawu omaliza ndi ake, kaya ndi mwamuna kaya ndi mkazi. Wodwalayo akakhala mwana, makolo ndiwo amalola, koma mwana wosinkhukirapo afotokozeredwe ndipo mawu ake amvedwe.

Chachitatu, chilungamo

Tiyerekeze kuti mankhwala ayesedwa pa anthu a kuno ndipo apezeka othandiza. Kodi mwana wa munthu amene analola, akadzadwala matenda omwewo, adzawapeza? Ngati mtengo wake udzakhala woti boma silingagule, ndiye kuti osauka alima ndipo ena akolola. Mfundo za ku Helsinki, pamene zinakonzedwanso mu 2000, zinafuna kuti otenga nawo mbali azipeza chithandizo chimene chatsimikizika kafukufuku akatha. Mu 2015 bungwe la World Health Organization linaika rituximab ndi imatinib pa mndandanda wa mankhwala ofunika kupezeka m'dziko lililonse. Kulembedwa pa mndandanda ndi chiyambi chabe, pakuti ntchito yeniyeni n'kuwafikitsa pa shelefu ya chipatala.

Kafukufuku wachilungamo amayankha funso limene anthu a m'deralo ali nalo, ndipo amasiya kanthu akatha. Pa chipatala cha Kamuzu Central panatsegulidwa mu 2011 chipinda chopimira zotupa, mothandizana ndi ofufuza, ndipo chimathandiza odwala ambiri amene sali m'kafukufuku aliyense. Popanda kupima kotereku dokotala sangadziwe ngati chotupa chili ndi chizindikiro chimene mankhwala olunjika amagwira. Ngati mtundu wa anthu uli banja limodzi, ndiye kuti chiopsezo ndi phindu ziyenera kugawidwa monga m'banja: palibe mwana wongotumidwa kumunda ndi wina wongoitanidwa ku mbale.

Wolola ndi wokana

Bahá'u'lláh analangiza kuti tikadwala tipite kwa madokotala odziwa ntchito yawo, ndipo timaphunzira kuti sayansi ndi chipembedzo choona sizitsutsana. Mankhwala alionse amene timamwa lero, a malungo, a chifuwa chachikulu ndi ma ARV, tili nawo chifukwa anthu ena amene sitikuwadziwa maina analola kuyesedwa. Munthu amene wamvetsa zonse, nadziwa kuti mwina iyeyo sapindula, n'kunena kuti ndilola kuti ena adzathandizike, wachita utumiki waukulu. Ali ngati nkhalamba yobzala mtengo wa mango imene sidzadya zipatso zake. Angathenso kulola chifukwa akuyembekeza kuti mwina apeza miyezi ina ya moyo, ndipo chiyembekezo chimenecho n'chovomerezeka malinga chikhale chodziwa zoona.

Koma mphatso imakhala mphatso ngati munthu anali ndi ufulu wosaipereka. Amene wakana sanachimwe, ndipo sanasowe chikhulupiriro kapena kulimba mtima. Mwina wawerengera masiku ake n'kuona kuti akufuna kukhala pakhonde pake, pafupi ndi adzukulu, m'malo mokhala pa msewu wa ku Lilongwe. Kukana kafukufuku sikutanthauza kutayidwa. Ku Salima kuli malo a Ndi Moyo, amene anatsegulidwa mu 2007 ndi namwino Lucy Finch, osamalira odwala matenda osachizika ndi kuchepetsa ululu wawo, kuphatikizapo ndi morphine wakumwa. Kuchepetsa ululu ndi chithandizo chenicheni. Ife amene timakhulupirira kuti mzimu umapitiriza ulendo thupi likatha sitiyeza mtengo wa munthu ndi kuchuluka kwa masiku ake, ndipo sitiyenera kukakamiza mnzathu kupirira zowawa chifukwa ifeyo tikuopa kumutaya.

Gawo lathu

Ambiri a ife sitidzakhala ofufuza, koma tidzakhala agadiyani, anansi ndi alangizi a m'banja. Tingaperekeze wodwala ndi kumuthandiza kufunsa: Kodi kafukufuku ameneyu ali pa gawo liti? Cholinga chake n'chiyani? Ndi zovuta ziti zimene zaoneka kale? Ndikakana, ndidzalandira chithandizo chotani? Ndikavulala ndi mankhwalawa, adzandisamala ndani? Magazi ndi zidutswa za chotupa zikupita kuti, ndipo zikasungidwa nthawi yaitali bwanji? Kafukufuku akatha, mankhwala ndidzawapezabe? Ndi komiti iti imene yavomereza? Tingapemphe kuti fomu iwerengedwe m'Chichewa kapena m'Chiyao, ndi kuti wodwala apatsidwe nthawi yokaganiza kunyumba.

Tingathandizenso kuti funso lovutali lifikire anthu ochepa. Chotupa cha m'nsagwada kapena m'mimba mwa mwana chimakula m'masiku owerengeka, ndipo ana ambiri amachira akafika msanga ku chipatala. Mwanabere wosapweteka amene wakhalitsa milungu ingapo, thukuta lausiku ndi kuwonda kosadziwika chifukwa chake, zonsezi n'zofunika kupimitsa. Kugona m'masikito kumateteza ana ku malungo obwerezabwereza. Ndipo mphekesera ikafika pa chitsime kapena pa doko, tingakhale anthu amene amayamba afufuza asanafalitse.

Zokambirana pa gulu

1. Kodi munthu angathe kunyenga mnzake osanena bodza? Perekani zitsanzo za m'moyo wa tsiku ndi tsiku, kenako ganizirani za dokotala ndi wodwala.

2. Banja lagwirizana kuti mayi alowe m'kafukufuku, koma iwo akukayika ndipo akuopa kukhumudwitsa ana awo. Mnansi wokhulupirika angathandize bwanji kuti mawu a mayiwo amveke?

3. Kodi pali nthawi imene n'koyenera kubisira wodwala kukula kwa matenda ake? Ndani amapindula ndi kubisako?

4. Ofufuza atabwera m'dera lathu n'kukumana ndi mafumu ndi anthu, tingawafunse chiyani kuti tidziwe ngati ntchito yawo ili yachilungamo?

5. Timapindula ndi anthu amene analola kuyesedwa ife tisanabadwe. Kodi zimenezi zimatipatsa udindo wotani kwa amene adzabwere pambuyo pathu, ndipo udindowo umalekezera pati?